Tsaya la a Chekeni

Anzake ataweruka, Namiyala anatsala yekha mu ofesi. Ankamutchula choncho chifukwa ntchito yake inali kuwerenga miyala ya pansi pa nthaka. Kampani yawo yofufuza mafuta inkagunditsa nthaka ndi makina, n'kujambula mawu obwerera. Pa chithunzi cha ulendo uno, pa kompyuta, pankaoneka chotupa ngati chulu, makilomita atatu pansi.

"Mafuta amenewo, mayi," bwana anali atanena masana. "Mawa musaine, tiboole. Kapena mukudikira akununkhireni?"

Bwanayo sankalakwa kwenikweni. Mafuta amabisaladi m'zotupa zotere. Koma phiri lophulika lomwe linakwiririka kalekale limatupanso chimodzimodzi, ndipo ukaliboola umangogulula mano a makina. Zaka zisanu m'mbuyomo a Chekeni, mkulu amene anamuphunzitsa ntchito, anasainira chotupa chotere. Linali phiri. Anachotsedwa ntchito, kenako anafa ziwalo.

Cha m'ma leveni usiku, m'chipinda cha mapu munamveka pepala likufunyululidwa. Tswaa.

Anasuzumira. Pa tebulo lalitali panali chithunzi chomwe chija, chosindikizidwa. Namiyala sanachisindikize. Munthu anali atawerama, tsaya papepala, diso limodzi atatsinzina, akuyang'ana mizere cham'mbali. Ndi mmene akale ankawerengera.

"Kompyuta imakuonetsa chamaso, mwanawe," anatero munthuyo osadzuka. "Tabwera cham'mbali."

Mawuwo ankawadziwa. Anapita. Anaika tsaya papepala. Panali pofunda.

Apo m'pamene anaona. Pansi pa chotupacho mizere inali yoswekasweka, yokwera njo ngati khosi la botolo, njira imene chiphalaphala chinadzera. Wina anali atazunguliza khosilo ndi chekeni, pensulo yofiira yolembera pa mapu.

Atadzutsa mutu, munalibe munthu.

M'mawa sanasaine. Bwana anamenya tebulo, nati aitana wina adzaonenso, ndipo akakhala mafuta, Namiyala atsatira mphunzitsi wake. Iye sanatsutse. Mwina ndi mafutadi. Munthu wosagona amaona zambiri.

Mlonda analumbira kuti usikuwo sanatsegulire aliyense.

Masana Namiyala anaimba foni kunyumba kwa a Chekeni.

"Bambo ali bwanji, amayi?"

"Ali pomwe paja, mwanangu, angapite kuti? Koma usiku wathawu agona tulo, koyamba chichokereni kuntchito." Mkazi wa a Chekeniyo anapitiriza: "Chandidabwitsa n'chimodzi. Powasambitsa, tsaya lakumanja linali psuu, ngati agonera chekeni. Chonsecho za kuntchito zonse ndinataya ndekha."