Sikelo Yomwe Sinafe

Patatha milungu isanu ndi umodzi chibadwire mwana, Njiwa, monga ankamutchulira mwamuna wake, anali ndi chinsinsi chimene chinkamudya m'kati. Mwana akalira, mtima wake unkangoti zii ngati akulira wa eni. Pomusambitsa ankaopa manja ake omwe. Ankakalirira kubafa, mpopi uli chitsegulire kuti asamveke.

Apongozi ake, omwe anabwera kudzathandiza, maso awo sankaphonya kanthu.

"Mayi wanji wosaseka ndi mwana wake? Ukapitiriza zamisalazi, mdzukulu wangayu ndikalera ndekha."

Tsiku lokaonedwa kuchipatala, mwamuna anatsala pabenchi panja, koma apongozi analowa nawo m'chipinda, mwana ali m'manja. Namwino anatulutsa pepala la mafunso.

"Mumagona bwino, mayi?"

"Amagona ngati chipika," anayankha apongozi.

"Mumapezeka mukulira popanda chifukwa?"

"Alirirenji? Nyumba yabwino, mwamuna wosamwa."

Namwino anaika cholembera pansi. "Agogo, sikelo ya muno yafa. Tapitani naye mwanayu kuchipinda chakumapeto akamuyeze."

Apongozi anatuluka akung'ung'udza. Njiwa anasuzumira sikeloyo, n'kuona kuti ili bwinobwino.

"Tsopano ndikufunsa inu," anatero namwino motsitsa mawu.

"Ndikanena zoona, mundilanda mwana?"

"Ayi, mchemwali. Ine ndikufuna akule ndi inu."

Pamenepo misozi inasefukira. Ananena zonse: tulo tosabwera, chakudya chosalowa, ndi maganizo akuti mwanayo angakule bwino iye atasowa.

"Si misala, komanso si kuuma mtima," anatero namwino atamugwira dzanja. "Ndi matenda a kukhumudwa, amagwira amayi ambiri akachira, ndipo amachizika. Lero muonana ndi dokotala. Lachinayi mudzabwere kwa mlangizi. Mukapanda kubwera, ndidzakusakani pafoni."

Chitseko chinatseguka mwamphamvu.

"Mwandinamiza! Kumapetoko ndi kosungira matsache!" Apongozi ataona misozi ija, maso anawatuluka. "Wawauza chiyani, iwe? Watiyalutsa! Mwana wanga, talowa udzaone. Mkazi wakoyu wazungulira mutu, khandali ndikupita nalo kwathu!"

Mwamuna analowa. Chikwatiranireni, Njiwa anali asanamumvepo akutsutsa amayi ake, ngakhale pa nkhani ya mchere.

Mwamunayo anayang'ana mkazi wake. Kenako anatambasula manja.

"Amayi, ndipatseni mwanayo."

"Ukundilanda ine amene ndinakubereka?"

"Inu munalera wanu, ndi uyu waima panoyu. Ameneyo ali ndi mayi ake. Mayi akewo akudwala, ndipo tiwadwazika."

Apongozi anamupatsa mwanayo, n'kutuluka akumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma.

Mwamuna anatola kalendalayo ndi dzanja limodzi, n'kukhala pafupi ndi Njiwa, phewa kukhudza phewa.

"Anamwino, pepala lanulo mundigawireko limodzi. Kunyumba ndizimufunsa ine, ndipo aziyankha yekha."