Mitambo ya Malemu Vauquelin

Lachiwiri m'mawa, mtembo wa Anatole Vauquelin, wojambula mitengo ndi madambo, unapezeka chafufumimba pafupi ndi dziwe m'nkhalango ya Fontainebleau. Kunkhongo kunali bala, pambali kampando kake kopinda kali kothyoka mwendo. Chithunzi chomwe ankajambula chinali chiimire, penti wake asanaume.

Kwathu kuno ojambula achuluka kuposa agologolo, moti mmodzi akachepa anthu salira kwenikweni. Koma wofufuza milandu Lucien Barbotin atafika kuchokera ku Melun anapeza apolisi atatsekera kale mlimi wina, Firmin Gaudry, ndipo khosi lake linkadikira mpeni wa boma.

"Unakangana ndi malemu?" anafunsa Barbotin.

"Inayamba ndi ng'ombe yanga, bwana. Inawadyera chipewa, iwo n'kuijambula ngati mbuzi. Kutukwana ndinawatukwana, koma kupha munthu chifukwa cha zimenezo?"

Barbotin anamumvera chisoni mlimiyo, koma chisoni si umboni. Ananyamula chithunzicho n'kupita nacho kunyumba ya alendo kumene ojambula amadyera. Makoma a kumeneko anadzaza ndi ntchito za malemu, ndipo anaziyang'ana imodziimodzi. Mitambo yonse inali mibulumibulu, ngati mbatata zowiritsa. Koma ya pachithunzi chomalizachi inali yopepuka, yoyenda, yokongola zedi. Munthu saphunzira luso atagona chafufumimba.

Masana, ojambula onse ali pamsuzi ndi vinyo, Barbotin anaimika chithunzicho patebulo.

"Mabwana, ku Paris agamula," ananama mosaphethira. "Akuti mitambo yotere palibe anaijambulapo m'dziko muno. Malemu alandira mendulo."

Supuni ya Célestin Mouchet, mkulu wowonda wa ndevu zopaka penti, inagwera m'mbale.

"Mendulo? Vauquelin? Chitsiru chija sichinkatha kujambula ngakhale utsi wa kaliwo! Mitamboyo ndi yanga!"

Barbotin anatembenukira kwa iye.

"Munaijambula liti, Bambo Mouchet? Paja pentiyu sanaumebe."

Mkuluyo anayang'ana anzake, kenaka zala zake.

"Padziwe paja ndi panga," anatero motsitsa mawu. "Aliyense pano akudziwa kuti malo a mnzako sukhalapo. Ndinamupeza atakhazikika, akuwononga thambo langa. Nditamuuza kuti achoke, anati ndakalamba, ndizikajambula nkhuku. Ndinamukong'ontha ndi kampando kake komwe. Ndinathawa mpaka kumsewu, bwana, ndikadapulumuka ndithu. Koma zimbatata zija zinkandilasa m'maso. Ndinabwerera kukakonza."

Barbotin analamula kuti Firmin amasulidwe, abwerere kwa ng'ombe yake. Apolisi atamugwira mikono, Mouchet anayenda mwaulemu mpaka pakhomo, n'kucheuka.

"Khosi dulani, bwana, sindikana. Koma pamendulopo mulembe dzina langa."

"Mendulo kulibe, bambo. Ku Paris sanachione n'komwe."

Apa m'pamene mkuluyo anakhala pansi n'kuyamba kulira.