Manda Osakwirira a Policarpo

Policarpo anabwerera ku Zóbuè nkhondo itatha ali ndi khasu lokha. Zaka zinapita, koma mbatata sizinamuchotse mu umphawi. Akapita ku Moatize n'kuona anthu akukankhana pakhomo la nyumba ya kanema, mtima unkamuwawa.

Anafuna kupanga filimu yakeyake. Koma mwini filimu ndiye amapeza kamera, amadyetsa osewera ndiponso amalipira wotsogolera sewero. Iye analibe ngakhale mbuzi. Choncho anakwera phiri kupita kwa Gervásio, sing'anga wa zizimba.

"Ababa, ana akugona ndi njala. Chilichonse ndichita."

"Chilichonse?" anaseka Gervásio. "Filimu iliyonse ikhale ndi maliro. Mukumbe manda enieni. Mukatha kujambula, muwasiye ali yasa."

"Osaikamo thunthu la nthochi? Paja manda akasowa mtembo timakwiriramo nthochi."

"Manda adzasankha okha chakudya. Iwe uzingolandira chuma."

Sabata isanathe, wamalonda wina anamupatsa kamera ndi thumba la ndalama za metikali. Atajambula maliro, Miguel, wotsogolera sewero, anauza bwana wake Policarpo kuti, "Patarau, tikwirire dzenjeli. Kwathu sitichita zotere."

"Ukudya za yani? Nyamula kamera tizipita!"

Filimuyo inagulidwa mpaka ku Tete. Mvula isanagwe, Alda, mlongo wa Policarpo, yemwe ankasewera ngati wamasiye, anagwa pachitsime n'kufa. Policarpo analira, kenako anagula galimoto. Manda a filimu yachiwiri anatenga Miguel.

Pojambula yachitatu, Policarpo analetsa mwana wake Cândida kufika kumandako. Koma mtsikanayo anabweretsera osewera madzi, n'kusuzumira m'dzenjemo. Madzulo anadwala.

Policarpo anathamangira kuphiri. "Ababa, tengani galimoto, tengani nyumba! Mwanayu yekha ayi!"

"Ine sinditenga kanthu," anatero Gervásio. "Wokumba ndiwe."

Policarpo anadula nthochi, nathamanga nayo kumanda aja. Akuponya dothi ndi manja, anamva kulira kukuchokera kunyumba kwake.

Lero Policarpo amayendayenda ku Chipanga atasenza thunthu la nthochi. Akafika pafupi ndi dzenje lalikulu la mgodi wa malasha amakuwa kuti, "Kwirirani! Akudikira munthu!" Alonda amamuthamangitsa, mawa lake amabweranso.

Mwini filimu anayenera kusamala anthu amene anawasonkhanitsa. Uyu anawadyetsa kumanda. Umbombo ndi dzenje losakhuta. Chuma cha zizimba chimalipidwa ndi moyo wa abale. Gwirani ntchito, opani Mulungu, ndipo musaphwanye mwambo chifukwa cha dyera.