Seva ya ku Chilobwe Ikutumizabe

M'mawa uliwonse kompyuta ya pachipatala china chaching'ono ku Bangwe inkaonetsa kuti anthu alandira mankhwala usiku, chitseko chili chokhoma. Choopsa chinali mayinawo: onse anali a anthu amene anapita ndi matope a namondwe wa Freddy. Mabwana, monga mwa nthawi zonse, sanachedwe kuloza chala. Ati Eliness, wogawa mankhwala, akulemba akufa kuti azigulitsa mapilitsi kumsika, ndiye Lachisanu achoke ntchito. Ena ankangonong'ona za mizimu.

Petronela, katswiri wa makompyuta, sanafune kumva zonsezo. Ntchito ya seva ya ku Bangwe, kompyuta yosunga zolembedwa zonse za pachipatalapo, ndi kukopera zimene seva yaikulu ya ku Limbe yatumiza, ndipo iye anaganiza kuti kukoperako ndi kumene kunasokonekera. Anaifufuta, nakoperanso zonse mwatsopano. Kutacha, mayina aja anali atabwerera. Anasintha mapasiwedi onse. Mayinawo anabwereranso.

"Lero sindichoka mpaka ndizione ndi maso angawa," anauza Eliness.

Dzuwa litangolowa magetsi anathima, seva n'kutsala ikulira chapansipansi pa batire, mvula ya chiperoni ikuwaza pamalata. Mwadzidzidzi kagetsi kobiriwira ka pa sevayo kanayamba kuphethira, mayina akutsika pasikirini limodzilimodzi ngati anthu a pamzere.

"Asisi, izi sizikuchokera ku Limbe," ananong'ona Petronela, akujambula ndi foni. "Seva yanuyi idakalumikizidwa ndi ya nthambi yathu ya ku Chilobwe. Palibe anakumbuka kudula."

"Ku Chilobwe? Nyumba ijatu inakwiririka yonse."

"Mwina ndi zakale, zinatsakamira panjira. Ndidula pompano, mawa mabwana aone umboniwu. Ntchito yanu yapulumuka."

Koma Eliness maso anali pakona, pamene pamaoneka dzina la wolemba. Mzere uliwonse unkati Kondie. Ameneyu anali mng'ono wake, kalaliki wa ku Chilobweko, yemwe thupi lake silinapezeke.

"Musadule, chonde," anatero Eliness. "Manda alibe. Chatsala ndi chomwechi."

Petronela chisoni chinamugwira, koma sanabwerere m'mbuyo. "Ndikasiya, mayinawa azibwerabe, Lachisanu mukupita. Ana adya chiyani?"

Eliness anapukuta misozi ndi chitenje, nachotsa dzanja la Petronela pa batani lodulira, n'kulidina yekha. Kagetsi kaja kanathima.

Ali panja kudikira kabaza, Petronela anatsegula chithunzi chija. Deti la mzere womaliza silinali la 2023, chaka cha namondwe uja. Linali la tsiku lomwelo, ndipo pamalo olembapo mankhwala panalembedwa kuti: "Achemwali, kuno kukuzizira."