Habul, Usadzuke!

Kumapeto kwa kanjira kathu ku Kolkata, kuseri kwa mpanda wa njerwa, kunkakhala a Nitai Pal, oumba timakapu ta dongo tomwera tiyi. Ndi timakapu tija munthu amamwera kamodzi n'kuphwanya pansi, choncho ntchito ya a Nitai sinkatha. Khomo lawo linali labwino. Mamawa pankanunkhira lubani wa mapemphero, masana mpunga ndi nsomba, ndipo mkangano sunkamveka. Akazi awo, mayi Malati, ankandandalika timakapu tatiwisi pa matabwa aatali kuti tiume padzuwa tisanalowe m'ng'anjo. Mwana anali mmodzi yekha, Habul, mnyamata wa ndevu zongoyamba kumera.

Koma ulesi wa Habul, abale! Akuti tsiku lina kangaude analuka ukonde kuchokera pa khutu lake mpaka pa chitseko, nagwira ntchentche, nadya, naikira mazira, mwini khutu asanatembenuke.

"Habul, msana wangawu watha," ankatero bambo ake. "Matabwa awa ndi a anthu awiri, wina uku wina uku. Ukamandisiya ndekha, tsiku lina adzandigwetsa."

"Ndamva, bambo. Ndingomaliza kupumaku."

"Ukupumira chiyani, wagwira chiyani?" ankafunsa mayi ake. Iye n'kungoyasamula.

Chaka chimenecho, dzuwa litayamba kuwotcha, mayiko anakumana kulimbirana chikho cha kiriketi, masewera aja oyamba mamawa n'kutha dzuwa litapendeka. Kesto, wogulitsa tiyi pamphambano, anakweza kanema pamwamba pa kabati, ndipo anthu a m'kanjira monse anasamukira kwa iye.

Tsiku la masewera oyamba a timu yathu, a Nitai anatuma Habul kukasiya dengu la timakapu kwa Kesto. "Ubwere msanga, dongo likudikira mapazi ako."

Habul anatula dengulo, naona mpando wa nsungwi uli pamthunzi wopanda munthu. Anakhalapo, nasanjika mwendo wamanzere pa wamanja. Nthawiyo pa kanema zinthu zinali zitavuta, omenya mpira athu akugonja n'kutuluka m'bwalo motsatizana ngati nkhuku m'khola mamawa. Koma Habul atangokhala, womenya wina anauswa mpira, phaa, mpaka unakagwera mwa anthu oonerera. Anabwerezanso. Anthu anakuwa.

Posakhalitsa mayi Malati anatulukira. "Iwe! Dongo likuuma kunyumba!"

Habul anayasamula, bodza n'kutulukira momwemo. "Amayi, sindingadzuke. Simukuona? Chikhalireni ine pano palibe watuluka. Ndikadzuka, dziko ligwa."

Anthu anatembenuka onse. Kwathu kuno pa kiriketi ngakhale mphunzitsi wa sayansi sasintha malo timu ikamachita bwino, ndiye mawuwo anagwera pa nthaka yonyowa kale.

"Zoonadi!" anafuula Kesto. "Ndamuona ndi maso angawa. Mayi, musiyeni mwanayu, ali pa ntchito ya boma."

Timu yathu inapambana. Madzulo a Nitai, amene anaponda okha dongo lija, anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Iwe ukudziwa kuti ndi bodza, inenso ndikudziwa. Lisiye lero lino likadali lako. Anthu akalitenga, sudzathanso kulilamula."

Habul anavomera ndi mutu. Koma m'mawa mwake Kesto anamukodola.

"Mphwanga, anzako akuthyoka misana kuti adye. Iwe Mulungu anakuikira ntchito m'matako. Ungokhala basi. Tiyi ndi wako, samusa ndi wako, maswiti a mkaka ndi ako. Kapena umakonda kuponda matope ngati njati?"

Habul sankakonda kuponda matope. Anakhalanso, timu inapambananso. Anthu anayamba kumutcha Bwana Mwayi. Agogo ena anabwera ndi mdzukulu wawo wolephera mayeso kuti angokhudza bondo lake.

Kenaka malamulo anayamba kumera. Malaya akhale omwe aja a tsiku loyamba, osachapa, kuopa kutsuka mwayi. Mwendo ukhale womwe uja wamanzere pamwamba. Tsiku lina tiyi atamuchulukira m'mimba, Habul anazemba kupita kuseri, ndipo asanamasule n'komwe lamba, womenya wathu wodalirika anatuluka. Anthu anakamutenga komweko momunyamula. Kuyambira pamenepo anamuikira mlonda, Bhola, chimunthu chonyamula katundu ku siteshoni ya sitima, chimene akuti chinanyamulapo ng'ombe ndi mwini wake yemwe. Anamuikiranso ndowa pansi pa mpando ndi nsalu yotchinga.

"Zako zonse uzithera pompano, Bwana Mwayi," anatero Bhola. "Ukadzuka, ndikukhazika ndine."

Tsopano tsiku linayamba kutalika. Mwendo unkachita dzanzi mpaka kuiwala mwini wake. Malaya ananunkha moti agalu ankawoloka msewu. Ntchentche ikamutera pamphuno, anthu ankakuwa kuti, "Usaikupe! Inalipo muja tinamenya mpira wabwino uja!" Munthu amene ankakonda kukhala kuposa chilichonse anayamba kusirira anthu oyenda pansi.

Tsiku lina Habul anamunong'oneza Kesto: "Achimwene, ine ndinangonama. Ndinkathawa dongo."

Kesto anaseka mokweza kuti onse amve. "Tamverani kudzichepetsa kwake!" Kenaka anawerama, kuseka kutatha. "Ukanenanso zimenezo, anthu awa wawadyera samusa mwezi wonsewa akuphwanya ngati kakapu ka bambo ako. Ndipo ine sindidzaletsa. Taona mmene tiyi akuyendera."

Linafika tsiku la masewera olowera ku ndime yomaliza. Popeza mzinda wonse unkamwa tiyi kawirikawiri chifukwa cha mantha, a Nitai anali ataumba dongo lawo lonse, bwalo lonse lodzaza matabwa a timakapu tatiwisi. Mamawa anayang'ana kumwamba, nanunkhiza mphepo.

"Mwananga, lero kubwera mkuntho. Ine ndi mayi ako sitingathe kulowetsa matabwa onsewa. Khala pakhomo. Sindikukulamula, ndikukupempha."

Habul anafuna kuvomera. Koma pachipata panaima Bhola, atanyamula malaya onunkha aja pa ndodo.

"Ndibwera ikangoyamba kudontha, bambo," anatero Habul, maso ali pansi.

Masana mitambo inada bii. Masewerawo ankachitikira mumzinda wina wakutali, ndipo pa kanema dzuwa linali ngwee. Zinthu zinali pothina, timu yathu itatsala ndi omenya ochepa. Mphepo inayamba kuulutsa mapepala. Mayi Malati anafika akuthamanga, nsalu itachoka kumutu.

"Habul! Matabwa! Bambo ako ayamba okha!"

Habul anadzuka theka. Manja a Bhola anamutsikira pa mapewa ngati matumba a simenti.

"Habul, usadzuke!" linakuwa khamu lonse.

"Mayi," anatero Kesto, "timakapu ndi dziko, chachikulu n'chiti?"

"Dzikolo lidzamuphikira mpunga?" Mayiwo anakankha anthu mpaka anaima pamaso pa mwana wawo. "Auze zoona, Habul. Uwauze pompano kuti unanama, tizipita."

Habul anatsegula pakamwa. Anaona zibakera za Bhola, anaona maso a anthu amene anamudyetsa, anaona agogo aja a mdzukulu wolephera mayeso.

"Amayi, pang'ono pokha. Atsala pang'ono kumaliza."

Mayi ake anatembenuka n'kuthamangira mumvula.

Inagwa mvula yosaona kutsidya kwa msewu. Magetsi anazima, koma Kesto anali ndi batire la galimoto, kanema n'kuyakanso. Denga la kwa Kesto linayamba kudontha pa liwombo penipeni pa Habul, do, do, do, ndipo palibe analola kusuntha mpando ngakhale pang'ono. Habul anakhala pamenepo. Kanema sankamuona. Ankangoona matabwa a anthu awiri, ndi munthu mmodzi.

Dzuwa likulowa, mvula itakata, timu yathu inapambana. Ng'oma zinalira. Anamuveka Habul nkhata ya maluwa, namunyamula pamodzi ndi mpando womwe pa mapewa.

"Nditsitseni! Chonde nditsitseni!" Koma ndani akanamva pakati pa ng'oma?

Anazungulira naye mphambano, analowa naye m'kanjira kathu, mpaka anafika pa mpanda wa njerwa uja. Anthu apansi ankangoona mpanda. Habul yekha, ali pamwamba, ndiye ankaona mkati.

Bwalo lonse linali phala la matope. Timakapu tonse tinali titabwerera ku dongo. Thabwa limodzi lalitali linali chagada pafupi ndi khonde, ndipo pakhondepo panagona a Nitai, dzanja lawo lamanja litakulungidwa m'nsalu ya akazi awo, nsaluyo itafiira. Anali atasenza thabwalo okha, naterereka, thabwa n'kuwagwera pa zala.

"A Nitai, tulukani!" linaimba khamu kunja. "Mwabereka! Mwabereka mwana!"

A Nitai anakweza maso, naona mwana wawo akuyandama pamwamba pa mpanda, maluwa m'khosi. Sanakalipe. Anangomuyang'ana, kenaka anatembenukira kukhoma.

Habul anadziponya kuchokera pa mpando. Mwendo wadzanzi uja unakana kumugwira, nagwa chafufumimba m'matope, ndipo analowa pachipata cha kwawo chokwawa.

Zala za a Nitai zinapola mopindika. Gudumu loumbira sanalizunguzenso.

Tsiku la ndime yomaliza Kesto anabwera pachipata. Habul anatuluka, miyendo ili dongo mpaka m'mawondo, nanena mokweza kuti kanjira konse kamve: "Ndinanama! Ndilibe mwayi uliwonse. Ndinkathawa ntchito ya bambo anga." Anatseka maso kudikira zibakera.

Kesto anangokweza mapewa. "Ifenso taganiza bwino, mphwanga. Mwayi uli mumpando." Ndipo pa mpando paja anakhazikapo mbuzi ya Bhola, ataiveka malaya onunkha aja. Akuti inakhala bwino kuposa Habul, kungoti inadya nkhata ya maluwa ndi theka la mpando.

Lero mukamwa tiyi pamphambano yathu, mupatsidwa kakapu kopendama kamene kamadontha pang'ono. Ndi ka Habul. Amaumba kuyambira mbandakucha, bambo ake atakhala pambali, dzanja lopindika lili pa bondo, akumuuza kuti, "Phwanya, yambanso." Iye amaphwanya n'kuyambanso, osadandaula. Akatopa amapuma choimirira.

Ana inu, imvani. Habul sanabe, sanamenye munthu. Ananena bodza limodzi laling'ono kuti athawe ntchito ya tsiku limodzi, ndipo bodzalo linamumanga pa mpando tsiku limene bambo ake ankamufuna. Musathawe ntchito ndi bodza. Makolo anu akakuitanani, dzukani nthawi yomweyo, miyendo ikadali yanu. Habul analapa, inde, koma kulapa kwake sikunawongole zala za bambo ake.