Dzira la Njoka Satembenuza

Madzulo amenewo Mzime analowa m'chipinda cha achimwene ake kukasintha madzi a njoka, monga ankachitira chichokereni iwo kupita kutali kukagwira ntchito. Njokayo inali yopanda ululu, yofiirira ngati tiyi wamkaka, ndipo inakulira yokha m'bokosi lagalasi, osaonanapo ndi yamphongo. Koma atatukula chiguduli chimene inkabisalamo, anapeza mazira oyera, ataliatali, ofewa ngati chikopa chonyowa.

Achimwene ake pafoni anangoseka, nati zimachitika ndithu, asaope. Anamuuza kuti awaike pa utuchi wonyowa, pambali pake botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsanza. Kenaka kuseka kunatha.

"Koma tamvera, iwe. Si a nkhuku amenewo. Dzira la njoka satembenuza, kamwana kamamira m'katimo. Ulembe chizindikiro ndi pensulo kuti uzidziwa pamwamba pake."

Mzime anali mwana woti ukamutuma mchere amabwera ndi nkhani ya mitambo. M'malo mwa kamtanda anajambula nkhope, poti tinyumba topanda khomo nato timafuna eni ake. Dzira loyamba analipatsa ndevu za akalipentala amene anamupatsa utuchi. Lachiwiri, mpango ndi mpata wa m'mano wa mayi wogulitsa makala. Lachitatu, magalasi a aphunzitsi ake a masamu. Lomaliza, lalikulu koposa onse, analijambula mwachikondi, ndi kachipsera ka pachibwano. Amenewo anali amayi ake.

M'mawa wina anapeza dzira loyamba litatembenuka, ndevu zili pansi, khungu lake litayamba kuda. Asanalikhudze n'komwe anamva kulira kuchokera kumene ankapalira matabwa. Akalipentala anawapeza ali chafufumimba mu utuchi wawo, opanda bala ngakhale limodzi, m'chifuwa muli madzi okhaokha.

Mzime anadziuza kuti zangokumanizana. Koma sabata isanathe mpango uja nawo unagona pansi, ndipo mayi wamakala anamupeza chafufumimba m'kathaphwi koti ngakhale kamwanapiye sikangamiremo.

Mudzi unayamba kununkha dzira losukusa. Fungolo linkakhala m'zovala, m'madzi akumwa, m'tsitsi la ana. Agalu anasiya kuuwa, ankangolira chamumtima kuseri kwa nyumba. Ena ankati amamva chinthu chikukwawa pa malata, ena ankati ayi, chimakwawa pansi pa bedi. Pamjigo azimayi ankanong'onezana kuti njoka yopanda mwamuna imaikira bwanji, ndipo Mzime akafika ndi ndowa, nkhani inkatha ngati moto wouthira madzi.

Iye sankaganiza za agalu kapena za pamjigo. Ankaganiza za kachipsera ka pachibwano. Anatenga labala kuti afufute nkhope ya amayi ake, koma atangokhula pang'ono anamva mbale ikugwa kukhitchini. Anathamanga nawapeza amayiwo atagwira chibwano, magazi akudontha pa chipsera chimene chinapola iye asanabadwe. Choncho kufufuta kunakanika. Kuliphwanya kapena kulitaya, sankafuna n'kuganiza komwe. Chotsala chinali kulisunga nkhope ili kumwamba mpaka liswe.

Anawaimbira achimwene ake akulira. Iwo anati ndi makoswe amenewo, asiye kuwerenga mabuku oopsa. Tsiku linalo foni yawo sinalowenso.

Anachinjiriza mazira awiri otsalawo ndi timiyala. Anakhoma chitseko, kiyi n'kumuvala m'khosi pa kachingwe. Anasiya sukulu. Ankakhala pansi pafupi ndi bokosilo, akusintha madzi a m'botolo asanazizire, akuwaza utuchi ndi nsonga za zala, maso ali psu. Amayi ake ankamubweretsera chakudya pakhomo n'kumunyengerera.

"Idya, mwanawe. Ukwatiwa ndi mazira kodi?"

"Musalowe muno, amayi. Chonde."

Masana ena madzi anatheratu m'nyumba ndipo amayi anamutuma kumjigo. Anakhoma, nayesa chitseko, nanyamuka. Ali panjira mtima unamugunda ngati wina waugogoda. Anataya ndowa pomwepo n'kubwerera chothamanga. Chitseko chinali chokhomabe, kiyi ali m'khosi mwake. Anatsegula.

Amayi ake anali m'katimo, atagwada, dzira la magalasi lili pakati pa zala zawo.

"Amayi, siyani. Si la nkhuku limenelo. Satembenuza."

"Ndikudziwa, mwanawe."

Analitembenuza modekha ngati akugoneka khanda. Kusukulu, kutsidya kwa msewu, ana anayamba kukuwa onse pamodzi.

Amayiwo anapukuta zala pa nsalu yawo nayamba kufotokoza ngati nkhani ya kumsika. Akalipentala mbuzi zawo zinawadyera dimba lonse, iwo n'kumangoseka. Wamakala anawatcha apongozi a njoka pamaso pa anthu. Aphunzitsi aja anamumenya Mzime m'manja mpaka kutupa, kodi waiwala? Anati zaka zonsezi ankavutika kufunafuna tsitsi ndi zikhadabo za anthu, osadziwa kuti m'nyumba mwawo momwemo muli dzanja lojambula bwino chonchi.

Mzime analumphira bokosi n'kutola dzira lomaliza. Linali lofunda, ndipo m'kati mwake china chake chinasuntha. Amayi ake sanadzuke, sanatambasule ngakhale mkono.

"Litembenuze ukafuna," anatero. "Dzanja ndi lako."

Kumsewu kunkamveka mapazi ambiri ndi mawu a amuna, ndipo mphepo inabweretsa fungo la petulo. Mzime anadziwa kuti akangopotoza dzanja pang'ono, maliro atha m'mudzimo. Anayang'ana kachipsera ka pensulo, nayang'ana chenichenicho, chimene ankachigwiragwira ali khanda akamayamwa. Anachirikiza dzanjalo ndi linzake kuti dzira lisapendekeke.

Anatulukira khomo lakuseri mwala woyamba ukugwa padenga. Sakanatha kuthamanga. Ankayenda ngati wasenza madzi odzadza, manja onse awiri ali pachifuwa, misozi ikumutseka maso. Amayi ake ankabwera pambuyo pake, osafulumira.

"Pang'onopang'ono, mwanawe," anatero. "Pali muzu apo."