Tinsomba Tandevu ta kwa Dona

Vailet anayamba ntchito yochapa kunyumba ya bwana wa esiteti ya tiyi, kufupi ndi Luchenza, mu Juni chaka cha 1934. Anali mwana wa banja losunga Sabata, ndipo kusukulu ya mishoni anaphunzirako kuwerenga ndi kulemba.

Tsiku lachitatu, akudutsa pakhonde atasenza mtolo wa nsalu, anangoti chilili. Pakona panali bokosi lalikulu lagalasi lodzaza madzi, nsomba zamoyo zikuyendayenda m'kati mwake. Zina zinali zabuluu, zina zamizere yachikasu. Pansi pa mchenga panagona tinsomba tandevu tonga ana a mlamba.

"Kodi zimenezi azidya liti?" Vailet anafunsa mnyamata wamtali amene ankapukuta galasilo.

Mnyamatayo anaseka. "Sadya, chemwali. Dona, mkazi wa bwana, amangoziyang'ana basi. Zokongolazi anaitanitsa kunyanja pa lole, tandevuti ndinagwira ndine mu mtsinje. Ndine Fabiano, mbusa wa nsomba. Koma lero ndaona chokongola kuposa zonsezi, chasenza nsalu."

Vailet anathawira kochapira mwamanyazi.

Kuyambira tsikulo ankapeza chifukwa chodutsira pakhondepo. Kodi chinkamukoka chinali nsomba kapena mbusa wake? Iye mwini sankadziwa.

M'mawa wina anapeza Fabiano atagwira kansomba kandevu kakufa m'manja.

"Kachitatu aka," anatero. "Dona akuti kakafanso kena ndipita kukathyola tiyi."

"Mumazipatsa chiyani?"

Fabiano anawaza nyenyeswa za buledi pamwamba pa madzi. Vailet anagwada n'kuyang'anitsitsa. Nyenyeswazo zinangoyandama, nsomba zapamwamba n'kuzitha zonse.

"A Fabiano, taonani kansomba kali m'manja mwanumo. Kukamwa kwake kuli kunsi. Tikufa ndi njala timeneti. Chakudya sichifika kumene tili."

Madzulo ake Vailet anasinja matemba ouma, anasakaniza ndi ufa wa chinangwa, n'kuumba timibulu tating'ono ngati mapira. Atatiponya m'madzi tinamira mpaka pa mchenga. Anadikira onse awiri, mapewa atagundana. Dzuwa litapendeka, kansomba kamodzi kanatuluka pansi pa mwala, kanafufuza ndi ndevu zake, n'kumeza kambulu. Kenaka tinatuluka tonse.

"Mutu uwu unaupeza kuti, duwa langa?" Fabiano ananong'ona. Aka kanali koyamba kumutchula kuti iwe.

Koma posakhalitsa nsomba za kunyanja zinayamba kutuwa, zipsepse zitafota. Vailet ankaganiza za zimenezi ngakhale akusita. Munthu wochapa amawadziwa madzi ndi manja. A m'thanki ya mvula anali ofewa, sopo pang'ono thovu tho. A pachitsime cha kumunsi kwa fakitale anali olimba: sopo ankakana, ndipo m'ketulo ankasiya zoyera ngati laimu. Fabiano ankathira a m'thanki okhaokha.

Vailet anakafunsa a Dixon, dalaivala amene anabweretsa nsombazo.

"Bambo, mutachapa malaya kunyanja kuja, thovu linali bwanji?"

"Lochepa, mwana wanga. Si ngati la madzi a m'phiri muno ayi."

Anathamangira kwa Fabiano. "Nsombazi sizingakhale m'madzi amodzi. Za kunyanja zinazolowera olimba, tandevu tinazolowera ofewa a mu mtsinje. Pemphani bokosi lachiwiri. Koma a pachitsimewo muzithira pang'onopang'ono, kapu imodzi lero, ziwiri mawa, zisadzidzimuke."

Patatha milungu itatu buluu uja anabwerera, wowala kuposa kale. Dona anasangalala, anamupatsa Fabiano jekete loyera. Vailet ali kuseri kwa chitseko anamva Fabiano akufotokozera alendo za sopo ndi thovu ngati nzeru zake. Zinamubaya pang'ono, koma anadzitonthoza. Nanga za mwamuna wako si zako zomwe?

Fabiano anayamba kumulembera makalata, ndipo Vailet ankawapeza m'thumba la jekete lomwelo likabwera kochapa.

"Njiwa yanga, ndikagona ndimaona iwe, ndikadzuka ndimafuna iwe. Mvula yoyamba ikagwa ndituma ankhoswe kwanu. Ndidzabatizidwa, ndidzasunga Sabata chifukwa cha iwe. Wako mpaka imfa, Fabiano."

Lamulungu lililonse Fabiano ankapita kumudzi, ku Nchilamwela, akuti kukaona mayi ake odwala. Pobwera ankabweretsa chitini cha nyongolotsi ndi tizilombo ta pansi pa miyala, zimene tandevu tinkakonda kuposa timibulu.

"Ndidzawaone liti amayi?" Vailet ankafunsa.

"Akapezako bwino, mtima wanga."

Mu Okutobala thanki ya mvula inauma. Mlungu umenewo kunali alendo a ku Blantyre, ndipo Fabiano sanaloledwe kuchoka. Madzi a tandevu anali atada. Vailet anatenga ndowa n'kutsika kudutsa m'minda ya tiyi mpaka ku kamtsinje kochokera m'phiri.

Kumeneko anapeza mayi wapakati, mimba yayikulu, atawerama m'madzi akutembenuza miyala. Pambali pake panali chitini.

"Mukufuna nkhanu, mayi?" Vailet anafunsa.

"Ayi, tizilombo iti." Mayiyo anaseka mwamanyazi. "Mundiseka. Amuna anga amaweta nsomba za azungu m'galasi. Lamulungu sanabwere kudzatenga, ndiye ndati ndiwaperekere ndekha, zingafe ndi njala."

Vailet anaika ndowa pansi.

"Amuna anuwo dzina lawo ndani?"

"A Fabiano. Ine ndine Teleza, wa ku Nchilamwela. Mumawadziwa?"

"Ndimachapa kunyumba komweko." Mawu anatuluka okha. "Nanga apongozi anu akupeza bwanji?"

"Apongozi? Anamwalira ku Mozambiki tisanakwatirane n'komwe. Chaka chachinayi chino."

Vailet anamiza ndowa m'madzi n'kuisiya momwemo nthawi yaitali, kuti nkhope yake ikhale yoyang'ana pansi. Ankhoswe, ubatizo, mvula yoyamba. Kodi munthu angalembe bwanji zonsezo ndi dzanja lomwe amalandirira chitini kwa mkazi wake?

"Tiyeni," anatero pomaliza. "Ndikulondolerani njira."

Chitunda chinali chachitali. Teleza ankapuma pafupipafupi, ndipo Vailet anamunyamulira chitini, ndowa ili pamutu. Njira yonse Teleza ankasimba za mwamuna wake, kuti ndi wanzeru, anatulukira yekha kuti nsomba zimasankha madzi. Vailet ankangovomera.

Fabiano anali pakhonde, m'jekete lake loyera. Atawaona awiriwo akukwera limodzi, nsalu yopukutira inagwa m'manja mwake.

"A Fabiano, akazi anu abwera," Vailet anatero, akutula ndowa. "Akubweretserani chakudya cha nsomba. Apatseni mpando, ayenda mtunda wautali."

Fabiano anakatenga mpando. Teleza atapita kukamwa madzi kukhitchini, iye anayandikira Vailet.

"Duwa langa, ndimati ndikuuze..."

"Dzina langa ndi Vailet. Madzi awo muthire pang'onopang'ono. Ndipo jekete lanu muzichapa nokha."

Anatembenuka kupita kochapira, koma Teleza anamupeza panjira n'kumugwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Chemwali, mwandichitira chifundo ngati m'bale wanga. Mwanayu akadzakhala wamkazi ndidzamutcha dzina lanu."

Vailet anayang'ana mimbayo, anayang'ananso nkhope yotuluka thukuta, yosadziwa kanthu.

"Musatero, mayi," anatero mofatsa. "Bambo ake sadzatha kuliitana."

Teleza anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Vailet anamwetulira mpaka mayiyo atakhota pakona. Kenaka analowa kochapira, anakhala pansi pakati pa nsalu za dona, n'kulira mosatulutsa mawu.